Dokowe Amene Anafika ku Ulaya ndi Mkondo m'Khosi

Mvula ikayamba kugwa, m'mwezi wa Novembala, anthu okhala m'mbali mwa madambo a Kafue ndi m'cigwa ca Luangwa amaona mbalame zazikulu zoyera zirikutera m'minda ndi m'maudzu, tsiku lina khumi cabe, tsiku lina mazana ambiri pamodzi. Miyendo yake ndi yaitali ndi yofiira, mlomo wakenso ndi wofiira, ndipo nthenga za kumapiko ndi zakuda bii. Zimayenda mwaulemu ngati mafumu pa bwalo la milandu, zirikutola ziwala, mbozi, acule ndi mbewa; koma pofika mwezi wa Malichi zimacoka osalaira munthu. Mbalame imeneyi ndi dokowe woyera. Pali mbale wake wamng'ono, wakuda pamsana ndi woyera kumimba, amenenso amadza ndi mvula. Koma ameneyo kwao ndi mu Africa momwemuno, ku maiko a kumpoto onga Sudan, Chad ndi Nigeria. Dokowe woyera amacokera kutali koposa. Samanga cisa m'dziko la Zambia, ndiponso saikira mazira kuno, kotero kuti mwana wobusa ng'ombe angathe kufunsa atate wake kuti, kodi mbalame yopanda cisa imabadwira kuti?

Anthu a ku Ulaya anali ndi funso lomweli, koma lotembenuzika. Iwo anali kuona zisa, mazira ndi anapiye pa matsindwi a nyumba zao caka ndi caka. Cimene sanadziwe ndico kumene mbalamezo zimapita nyengo yozizira ikayandikira. Cozizwitsa n'cakuti anthu amene anapanga zombo zozungulira dziko lonse lapansi, nayesa mayendedwe a nyenyezi, anakhala zaka zoposa 2,000 alikutsutsana za mbalame zogona pa denga lao lomwe.

MLENDO WOLEMEKEZEKA

Ku maiko onga Poland, Germany, Denmark ndi Netherlands, ndiponso ku cigawo ca Alsace m'dziko la France, dokowe si mbalame ya kuchire ai. Amamanga cisa cake pa tsindwi la nyumba, pa cumuni, kapena pa nsanja ya chalichi pakati pa mudzi. Cisaco amacimanga ndi timitengo, ndipo caka ciri conse amaonjezapo zina, kotero kuti cisa cakale cimalemera koposa ng'ombe yaikulu, ndipo nthawi zina cimathyola mitanda ya nyumba. Ngakhale ziri tero, mwini nyumba samupitikitsa. Alimi akale anali kukweza gudumu lakutha la ngolo pa tsindwi, kuti dokowe apeze poyambira kumanga, pakuti anali kukhulupirira kuti nyumba yokhala ndi mlendo ameneyu siipsa ndi moto ndipo mphezi siigwapo.

Mbalameyi ikaimirira imapitirira mapazi atatu, ndipo ikatambasula mapiko imafika mapazi asanu ndi limodzi kapena kuposapo. Koma iribe mau oimba nao. Mwamuna ndi mkazi akakomana pa cisa amagonetsa mitu yao cagada kufikira pamsana, naombanitsa milomo yao mofulumira, khwa khwa khwa, phokoso lomveka mudzi wonse. Anthu a m'midzi imeneyo akamva phokosolo amadziwa kuti cisanu catha. Ku Lithuania tsiku la 25 Malichi limachedwa tsiku la dokowe, ndipo mzinda wa The Hague uli ndi cithunzi ca mbalameyi pa cizindikiro cake. Pliny, mlembi wa ku Rome, analemba kuti ku Thessaly, m'dziko la Greece, munthu wopha dokowe anali kuweruzidwa monga wopha munthu, cifukwa mbalameyi inali kuwathera njoka.

Palinso mwambo wina wosekeretsa. Mwana wa ku Germany kapena ku Denmark akafunsa kumene kwacokera khanda latsopano, akulu anali kumuyankha kuti dokowe walitola ku dziwe nadzaliponya m'nyumba kudzera pa cumuni. Mitundu yonse ya anthu iri ndi njira yake yozembera funso limeneli. Koma mwina makolo a ku Ulaya anasankha bwino, pakuti akadafunsidwanso kumene dokoweyo amacokera, sakadanama ponena kuti sadziwa.

PANSI PA MADZI, KAPENA KU MWEZI

Aristotle, mphunzitsi wamkulu wa ku Greece amene anafa zaka 322 Kristu asanabadwe, anadziwa kuti mbalame zina zimapita ku maiko ofunda. Koma analembanso kuti adokowe ndi anamzeze ambiri amabisala m'mapanga ndi m'mphako, nagona tulo kufikira kutafunda, ndi kuti timbalame tina timasanduka mtundu wina nyengo ikasintha. Anatero cifukwa anaona kuti mtundu umodzi ukasowa, wina wofanana nao msinkhu umaoneka m'malo mwake. Popeza dzina la Aristotle linali lalikulu m'masukulu onse, mau ake anaphunzitsidwa mibadwomibadwo popanda munthu wopita kukasuzumira m'mphakomo.

M'caka ca 1555 Olaus Magnus, bishopu wamkulu wa ku Sweden, anatulutsa buku lofotokoza za mitundu ya anthu a kumpoto. M'menemo munali cithunzi ca asodzi alikukoka khoka pansi pa madzi oundana, ndipo m'khokamo muli nsomba pamodzi ndi anamzeze. Iye anafotokoza kuti anamzeze amamira m'nyanja nyengo yozizira isanafike, nagwirana mlomo ndi mlomo, phiko ndi phiko, nakhala m'matope miyezi yonse ya cisanu. Patapita zaka 200, Carl Linnaeus, amene anakonza njira yochulira maina a zomera ndi nyama imene akatswiri amagwiritsa nchito kufikira lero, anali kubvomerezabe nkhani yomweyo. Gilbert White, mbusa wa chalichi ca ku Selborne ku England, munthu wopenyetsetsa kwambiri amene buku lake linatuluka mu 1789, anakhala moyo wake wonse ndi mitima iwiri, ndipo anatumapo anthu kukafukula m'zitsamba kuti mwina angapezemo anamzeze ogona.

Munthu asafulumire kuwaseka, pakuti maso ao anaonadi kanthu. Masiku a ulendo akayandikira, anamzeze amasonkhana zikwizikwi madzulo, nazungulira pamwamba pa dziwe, ndipo mdima ukamagwa amatsika onse pamodzi ngati miyala, nalowa m'mabango kukagona. M'bandakuca, anthu ali m'tulo, amanyamuka. Tsono munthu amene anawaona alikugwera pa dziwe dzulo, napeza m'mawa kuti palibe ndi mmodzi yemwe, anali ndi cifukwa coganizira kuti amira.

Wina anaganiza zakutali koposa. Charles Morton, mphunzitsi wa ku England amene pambuyo pake anakaphunzitsa ku Harvard, ku America, anati: mbalamezi sizipezeka m'madzi, sizipezeka m'mapanga, ndipo pocoka zimakwera kumwamba kufikira zitazimirira, tsono kwina kumene zingapite n'kuti, koma ku mwezi? Anawerengera kuti ulendowo ungatenge miyezi iwiri kupita ndi miyezi iwiri kubwera, ndi kuti mbalamezo zimauluka ziri m'tulo, zirikudya mafuta a m'thupi mwao. Kabuku kake kanasindikizidwa mu 1703, iye atafa kale. Pa mfundo imodzi yokha analasa: mbalame za pa ulendo zimanenepadi zisananyamuke, ndipo mafutawo ndiwo kamba wao.

Tsekwe wina wa kumpoto anasokoneza anthu mwa njira yina. Ameneyu anali kufika ku Ireland ndi ku Scotland m'nyengo yozizira, ndipo panalibe munthu anaonapo dzira lake, monga momwe ziriri ndi dokowe ku Zambia. Anthu anati amamera pa mitengo yoyandama m'nyanja, kucokera m'tizigoba tina tomamatira pamenepo, timene maonekedwe ake amafanana ndi khosi ndi mutu wa mbalame. Gerald wa ku Wales analemba ca m'ma 1188 kuti ansembe ena a ku Ireland anali kudya tsekweyu m'masiku osala nyama, ponena kuti cinthu cosabadwa m'dzira si nyama. Mfumu Frederick II, amene anafa mu 1250, anakaika. Anaitanitsa mitengoyo, naiyang'ana bwino, osapezamo mbalame, ndipo ananena kuti atsekwewo ayenera kuti amaikira kutali kumene anthu safika. Ananena zoona. Zisa zao ziri pa matanthwe a ku Greenland ndi ku Svalbard.

Analipo enanso okana kungomvera za m'mabuku. Pierre Belon wa ku France, poyenda m'dziko la Egypt m'zaka za m'ma 1540, anaona zigwa zitayera ndi adokowe pa nyengo imene kwao kunalibe. Michel Adanson anaona anamzeze alikutera pa combo cake pafupi ndi gombe la Senegal m'mwezi wa Okutobala, 1749. Ndipo Johann Leonhard Frisch wa ku Berlin anacita cinthu canzeru ndi cosabvuta: anamanga timaulusi tonika utoto wofiira wosalimba m'madzi ku miyendo ya anamzeze. Caka cotsatira mbalamezo zinabwera ndi ulusi uli cifiirire. Zikadagona m'dziwe, utotowo ukadasuluka. Komabe umboni wotere unali kungonena kumene mbalame sizipita, kapena unali mau a munthu mmodzi wapaulendo amene ena akanatha kumutsutsa. Panalibe cogwirika ndi manja.

MKONDO WA KU KLÜTZ

Cogwirikaco cinadza cokha pa 21 Meyi, 1822. Pa munda waukulu wochedwa Bothmer, pafupi ndi mudzi wa Klütz kumpoto kwa Germany, anthu anaona dokowe wacilendo: kanthu kaatali kanali kutulukira m'khosi mwake, pamwamba ndi pansi pomwe. Anamuombera mfuti, ndipo atamutola anapeza kuti ndi mkondo wautali mapazi awiri ndi theka, wa nsonga yacitsulo, umene unapyoza khosi nukhala momwemo. Akatswiri atauyang'ana anaona kuti mtengo wake sumera ku Ulaya, ndi kuti kasulidwe kake ndi ka anthu a m'kati mwa Africa.

Tanthauzo lake linali losabisika. Mlenje wina wa ku Africa, amene dzina lake ndi mtundu wake sizidziwika, anaponya mkondo wake, nalasa, koma ndiwo yake inauluka nao. Mosakaika tsiku limenelo anabwerera kumudzi wokwiya, atataya nyama ndi cida comwe. Mbalameyo inanyamula mkondowo mailosi oposa 2,000, kuoloka cipululu ndi mapiri, kufikira inafika kwao pa nyengo yomanga zisa. Inapulumuka mkondo wa mlenje wanjala, nidzafa ndi mfuti ya munthu wofuna kuona cimene cinali m'khosi mwake.

Khungu la dokoweyo analifutika bwino, naliimika monga wamoyo, mkondo uli m'khosi. Ndipo alipo kufikira lero ku yunivesite ya Rostock. Anthu a ku Germany anapanga liu latsopano, Pfeilstorch, ndiko kunena dokowe wa mubvi, pakuti sanali womariza: ena okwanira ngati 25 anapezeka m'dzikomo pambuyo pake ali ndi mibvi ya ku Africa m'thupi. Kuyambira pamenepo nkhani ya mwezi ndi ya matope inayamba kusowa oiimira pakati pa anthu ophunzira, ngakhale kuti m'midzi inapitirira kukambidwa zaka zambiri.

MPHETE YA KU FORT JAMESON

Mkondo unanena dziko, koma sunanene njira. Amene anapeza cida cofufuzira njirayo anali mphunzitsi wa sukulu wa ku Viborg, m'dziko la Denmark, dzina lake Hans Christian Cornelius Mortensen. Iye anaganiza kuti mbalame iri yonse ipatsidwe nambala yakeyake ndi keyala, monga kalata. Poyamba, mu 1890, anayesa timphete ta citsulo colemera, koma anaona kuti tirikusautsa mbalame, naleka. Mu 1899 anayesanso ndi citsulo copepuka ca aluminiyamu, nabveka timbalame toposa 160, atadinda yekha manambala ndi dzina la mudzi wake pa mphete iri yonse. Pambuyo pake anayamba kukwera pa matsindwi kukabveka ana a dokowe.

Nzeru imeneyi inatengedwa ndi Johannes Thienemann, amene mu 1901 anatsegula nyumba yoyang'anira maulendo a mbalame ku Rossitten, pa gombe la nyanja ya Baltic. Malowo lero ali m'dziko la Russia ndipo amachedwa Rybachy. Thienemann anagawira mphete zake kwa aphunzitsi, alimi ndi oyang'anira nkhalango kuti azibveka anapiye m'zisa. Ambiri anamunyoza, ena namunena kuti ndi wankhanza, ati cifukwa mphete zidzacititsa anthu kupha mbalame pofuna kuona colembedwapo.

Apa ndi pamene dziko la Zambia likulowa m'nkhaniyi. M'mwezi wa Julai, 1907, mwana wa dokowe anabvekedwa mphete ya ku Rossitten ali m'cisa ku Pomerania, pafupi ndi mzinda wa Köslin, umene lero ndi Koszalin m'dziko la Poland. M'mwezi wa Disembala caka comweco mbalameyo inaphedwa pafupi ndi Fort Jameson, umene tsopano ndi mzinda wa Chipata, ndipo mbiri ya mpheteyo inafika kwa eni ake. Kucokera pa cisaco kufika ku Chipata, poyesa molunjika, pali mailosi oposa 4,500, ndipo mbalameyo inali ya miyezi 6 kapena 7 cabe. Imeneyi inali imodzi ya mphete zoyamba kubwerera kucokera kumwera kwa Africa. Zina zinatsata, za ku Kalahari, za ku Basutoland, ndilo Lesotho, ndi za ku Natal, ndipo Thienemann anali kulemba kadontho pa mapu mphete iri yonse ikabwera, kufikira madonthowo anasanduka mseu.

Za namzeze zinadziwika posacedwa. Mmodzi anabvekedwa mphete ku Staffordshire, ku England, m'mwezi wa Meyi, 1911, ndipo anagwidwa m'nyumba ya pa famu pafupi ndi Utrecht, ku Natal, m'mwezi wa Disembala, 1912. Kambalame kosafika aunsi imodzi kulemera kwake kanayenda mailosi 6,000. Ambiri a anamzeze amene amakhala mndandanda pa mawaya a lamya ku Lusaka ndi ku Chipata m'nyengo ya dzinja anabadwira m'makola a ng'ombe a ku Ulaya ndi ku Asia.

CIFUKWA CAKE AMAOPA NYANJA

Mapu a mphete anaonetsa cinthu cina cimene palibe anaciyembekeza. Adokowe sapita ku Africa molunjika. Pakati pa Ulaya ndi Africa pali nyanja ya Mediterranean, ndipo iwo amailambalala, ena kudzera kumadzulo, ena kum'mawa. Malire a magulu awiriwa amadutsa m'kati mwa dziko la Germany, kotero kuti mbalame za midzi iwiri yoyandikana zingathe kukathera cisanu ku mbali ziwiri zosiyana za Africa.

Cifukwa cake ciri m'kaulukidwe. Dokowe ndi mbalame yolemera, ndipo kukupiza mapiko nthawi yaitali kumamutopetsa msanga. Tsono amacita monga amacitira muimba. Dzuwa likatentha nthaka, mpweya wofunda umakwera kumwamba ngati utsi wosaoneka. Dokowe amatambasula mapiko m'mpweya umenewo, nazungulirazungulira, nakwera popanda kukupiza, ndipo akafika pamwamba amatsetsereka kulunjika kumene akupita kufikira atapeza mpweya wina wokwera. Mwa njira imeneyi amayenda mailosi 100 kapena 200 pa tsiku, kuyambira dzuwa litakwera kufikira litapendeka, ndipo usiku amagona pansi. Koma pamwamba pa nyanja mpweya wotere kulibe. Dokowe woyesa kuoloka madzi aakulu amatsika pang'onopang'ono, ndipo mphamvu zikamuthera amagwa m'madzi namira.

Cifukwa ca ici onse amathamangira pamene nyanja iri yopapatiza. A kumadzulo amadzera ku France ndi Spain, naolokera pa Gibraltar, pamene madzi ali ngati mailosi 9 cabe, ndipo akadutsa cipululu ca Sahara amakhala ku maiko onga Mali, Niger ndi Senegal. A kum'mawa, amene ali ambiri koposa, amaolokera pa Bosphorus, pamwamba pa mzinda wa Istanbul, napyola Turkey, Syria, Lebanon ndi cigwa ca Jordan, nalowa mu Africa ca ku Suez, natsata mtsinje wa Nile. M'dziko la Israel mumapita adokowe okwanira theka la miliyoni pa nyengo imodzi. Mneneri Yeremiya, amene anakhala pansi pa mseu umenewu, anachula dokowe monga citsanzo ca colengedwa codziwa nyengo zake; iye anali kuona ndi maso cimene ophunzira a kumpoto anacisowa. Ambiri amapumula ku Sudan ndi ku Chad, ndipo ena amapitirira, kutsata mvula, kudzera ku Kenya ndi Tanzania, kufika ku Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi South Africa. Awa a kum'mawa ndiwo amene amaoneka ku Kafue ndi ku Luangwa.

Nanga mwana wa dokowe amaidziwa bwanji njira, popeza ana ambiri amanyamuka m'mwezi wa Ogasiti makolo ao asananyamuke? Mu 1933 Ernst Schüz wa ku Rossitten anatenga anapiye oposa 100 a kum'mawa, nakawalerera kumadzulo kwa Germany, ndipo anawamasula adokowe a kumeneko atacoka kale. Ambiri a iwo analunjika kumwera ca kum'mawa, monga akadacitira kwao, ngakhale kuti njirayo inawafikitsa ku mapiri aatali a Alps. Koma poyesanso zaka zina, ana amene anamasulidwa eni dziko asanacoke anatsata gulu, nadzera ku Spain. Kotero mbalameyi imabadwa irikudziwa mbali yoyenera kulunjika, koma ikapeza anzake odziwa njira imawatsata.

MDANI WA DZOMBE, NDI ADANI AKE

Kwa mlimi wa ku Africa mlendo ameneyu ndi wanchito wosalipidwa. Kumene kwagwa dzombe, kapena kumene mbozi zabuka m'cimanga ndi m'msipu, adokowe amasonkhana mazanamazana, nadya kwambiri. M'cinenero ca Afrikaans dzina lake lina limatanthauza mbalame yaikulu ya dzombe. Akuluakulu akale anali kukumbukira dzombe lofiira limene linabuka ku madambo a Mweru wa Ntipa ndi a Rukwa, nilisautsa maiko ambiri kuyambira 1930 kufikira ca m'ma 1944, ndipo cifukwa ca mliri umenewo bungwe la maiko lolimbana ndi dzombe linakhazikitsidwa mu 1949 ku Abercorn, ndiyo Mbala. Adokowe paokha sangathetse mliri wotere, koma m'munda umene ateramo ziwala zimacepa ndithu.

Mbalame yokhala ndi kwao kuwiri imakhalanso ndi mabvuto a kuwiri. Ku Ulaya madambo ambiri anaumitsidwa kuti akhale minda, acule nasowa, ndipo mawaya a magetsi anapha ndi kupherabe ana ambiri ongophunzira kuuluka. Ku Africa kunali alenje, mankhwala ophera dzombe, ndi cilala coopsa cimene cinagwa kumwera kwa Sahara kuyambira 1968 kufikira m'zaka za m'ma 1980. Popeza anthu a ku Ulaya anayamba kuwerenga zisa za adokowe m'maiko ambiri pamodzi mu 1934, kucepako kunaoneka poyera. Ku Switzerland mu 1950 kunalibe cisa ndi cimodzi comwe cokhala ndi mazira. Ku Sweden anatha m'zaka zomwezo. Ku Denmark, kwao kwa Mortensen, kumene kunali mabanja zikwi zingapo m'zaka za m'ma 1800, pofika 2000 sanakwane khumi. Ku Alsace, kumene cithunzi ca dokowe ciri pa mbale, pa nsaru ndi pa zitseko, mu 1974 kunatsala mabanja 9 okha.

Gulu la kum'mawa silinacepe motero, ndipo pa ciwerengero ca 2004 dziko la Poland lokha linali ndi mabanja oposa 50,000. Kumadzulo anthu anacita kulera. Max Bloesch, mphunzitsi wa ku Switzerland, anayamba mu 1948 kuweta adokowe pa mudzi wa Altreu, nakatenganso anapiye ku Algeria. Ku Alsace anatsekera ana m'makola aakulu zaka zitatu kuti mtima wa ulendo uwathere, ndipo lero kumeneko kuli mabanja oposa 1,000. Ku Britain, kumene cisa comariza colembedwa m'mabuku cinali pa chalichi ca St Giles ku Edinburgh mu 1416, anapiye anaswedwanso mu 2020 pa munda wa Knepp ku Sussex.

Koma ambiri a kumadzulo asintha khalidwe. Ku Spain ndi ku Portugal apeza kuti pa madzala aakulu a zinyalala za m'mizinda pali cakudya caka conse, ndipo aleka kuoloka nyanja. Ku Portugal okhala m'nyengo yozizira anali ngati 1,200 mu 1995, koma pofika 2015 anafika 14,000. Mbalame imene makolo anali kuiyesa yobweretsa ana ndi mwai tsopano imalimbirana makombo ndi akhwangwala, ndipo ina imafa itameza timalamba ta mpira poyesa nyongolotsi.

Masiku ano akatswiri amamangirira kamakina kopepuka pamsana pa mbalame, kamene kamatumiza mau a kumene iri tsiku ndi tsiku. Dokowe wamkazi wochedwa Prinzesschen, wa ku Loburg m'dziko la Germany, anabvekedwa kamakina kotere mu 1994, ndipo anthu a kwao anatsata maulendo ake kufikira anafera ku South Africa mu 2006. Timakinati tabweretsanso milandu yake. Mu 2013 msodzi wina ku Egypt anagwira dokowe wa ku Hungary napita naye kupolisi, poganiza kuti ndi kazitape. Mbalameyo inagona m'citokosi, nimasulidwa itapezeka yosalakwa, koma patapita masiku ocepa inaphedwa ndi kudyedwa. Mu 2018 kamakina ka dokowe wa ku Poland kanasowa ku Sudan, ndipo wokatola anacotsamo khadi lake la lamya, naimba nalo maora 20. Eni ake ku Poland analandira ngongole yoposa ma złoty 10,000.

Mphete sizinaleke nchito. Zambiri za masiku ano ziri ndi zilembo zazikulu zoti munthu angathe kuwerenga ndi magalasi oonera patali mbalame iri yamoyo, kotero kuti palibe cifukwa coiphera. Wopeza dokowe wakufa ali ndi mphete ayenera kulemba bwino nambala yonse ndi dzina la mzinda lodindidwa pamenepo, monga Radolfzell, Hiddensee, Gdańsk kapena Budapest, pamodzi ndi tsiku, dzina la mudzi ndi la boma kumene wampeza, ndi cimene cikuoneka kuti camupha. Ndipo apereke zimenezi kwa oyang'anira nyama za kuchire kapena kwa aphunzitsi a pa sukulu kuti azitumize. Eni mphete amayankha, namuuza wotumizayo mudzi umene mbalameyo inabadwira ndi tsiku limene inabvekedwa.